Mmene kuiwala kwa okalamba kunadziwikira kuti ndi matenda

Mu Novembala 1901, mayi wa zaka 51, Auguste Deter, anagonekedwa m'chipatala cha amisala mumzinda wa Frankfurt ku Germany. Ankaiwala zinthu, ankasochera m'nyumba mwake momwe, ndipo ankakayikira mwamuna wake kuti ali ndi chibwenzi. Atamwalira mu 1906, dokotala wake Alois Alzheimer anayeza ubongo wake n'kupezamo timibulu ndi tiulusi topiringizana. Mu 1910 Emil Kraepelin anatcha nthendayi dzina la Alzheimer.

Dzinali silinapindulire okalamba msanga. Popeza Deter anadwala asanakalambe, madokotala ankaiona ngati nthenda yosowa ya anthu a zaka zapakati. Nkhalamba ikayamba kuiwala ankangoti ndi ukalamba, ndipo zambiri zinkatsekeredwa m'zipatala za amisala mpaka imfa. Ku Britain, buku la Barbara Robb la mu 1967, Sans Everything, linaulula nkhanza zomwe okalamba ankakumana nazo m'zipatala zoterozo.

Mu 1968, Garry Blessed, Bernard Tomlinson ndi Martin Roth a ku Newcastle anasonyeza kuti timibulu tomwe tija timapezekanso mu ubongo wa okalamba oiwalaiwala, ndipo tikachuluka kuiwalako kumakulanso. Mu 1976 Robert Katzman analemba kuti nthendayi ili m'gulu la matenda opha anthu ambiri ku America. Chomwe chinkatchedwa ukalamba chinayamba kufufuzidwa ndi kuikiridwa ndalama monga matenda.

Dziko la Japan linaona kuti mawu nawonso amavulaza. Mu 2004 boma linasiya mawu akuti chihō, omwe ankamveka ngati kunena kuti munthu ndi chitsiru, n'kuika akuti ninchishō, otanthauza vuto la kuzindikira zinthu. Kenako linayamba kuphunzitsa anthu wamba mmene angathandizire wokalamba wosochera.

Mbiriyi ikutikhudza. Ku Malawi, gogo akapezeka mbandakucha pakhomo la eni, osadziwa njira yakwawo, ena amathamangira kunena kuti wagwa paulendo wa ufiti, ngakhale lamulo la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Mankhwala ochiziratu nthendayi sanapezeke, koma dzina lomwe mudzi umapatsa zizindikiro zake ndi lomwe limagamula ngati gogoyo aperekezedwa kunyumba kapena agendedwa miyala.