Ana osankhidwa a ku Mtunthama

Ife amene tinkaphunzitsa Sitandade 8 m'zaka za m'ma 1980 tinkadziwa kuti pamwamba pa sekondale zonse za boma pali khomo lina lopapatiza. Khomolo linali Kamuzu Academy, sukulu imene Dr Hastings Kamuzu Banda anatsegula mu 1981 ku Mtunthama, m'boma la Kasungu, pafupi ndi mtengo wa kachere umene amati iye ankaphunzirira pansi pake ali mwana.

Kasankhidwe kake ndiko ndimakayamikira mpaka lero. Sankayang'ana m'thumba mwa bambo. Ankatenga ana ochepa, anyamata ndi atsikana, amene akhoza mayeso koposa anzawo m'boma lililonse mwa maboma 24 a nthawi imeneyo, ndipo makolo sankalipira fizi. Mwana wa mlimi wa thonje ku Nsanje ankagona chipinda chimodzi ndi mwana wa msodzi wa ku Karonga. Akadangotola okhoza kwambiri m'dziko lonse osalabadira maboma, malo akadadzaza ndi ana a m'tauni ndi a m'madera amene mishoni zinafika kale, monga ku Livingstonia ndi ku Blantyre. Njira ya maboma inkafikako ndi kumene sukulu inali yofolera udzu, kumene mwana ankawerenga ndi koloboyi.

Koma atafika kumeneko ankawerenga chiyani? Chilatini ndi Chigiriki zinali zokakamiza. Aphunzitsi anali azungu, ambiri ochokera ku Britain, chifukwa Banda sankafuna Mmalawi aimirire kutsogolo kwa kalasi pasukulupo. Ana ankalimbana ndi Virgil, Homer ndi Shakespeare, nalemba mayeso ochokera ku England. Ambiri ankakhoza, ndipo zimenezi zinatsutsa bodza lakale loti mwana wa kumudzi mutu wake sungasenze zolemba zozama. Ine sindinyoza Chilatini ayi. Chimene chimandiwawa n'chakuti Chichewa, chimene boma lomwelo linachikweza kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, pa Mtunthama chinalibe malo. Ana ochenjera kwambiri pa mawu, amene akadatilembera mabuku, ndiwo anachotsedwa pafupi ndi nthano, miyambi ndi ndakatulo za kwawo.

Taonaninso izi. Chaka chomwecho cha 1981, Jack Mapanje, mphunzitsi wa ku Chancellor College, anatulutsa buku la ndakatulo lotchedwa Of Chameleons and Gods. Akuluakulu analichotsa m'masukulu ndi m'masitolo a mabuku, ndipo mu 1987 mwini wake anamutsekera ku Mikuyu, kumene anakhala mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Choncho mwana wa ku Academy ankatha kumasulira mlakatuli wa ku Rome amene anamwalira Yesu asanabadwe, pomwe mlakatuli wamoyo wa ku Zomba kumutchula kunali kudziputira ngozi.

Banda atagonja pa chisankho cha 1994, ndalama zoyendetsera sukuluyi zinauma, ndipo inayamba kudalira makolo olipira fizi. M'chaka chomwecho boma latsopano linachotsa fizi ku pulayimale, ana nkukhamukira m'makalasi mwathu mpaka ena kumaphunzirira pansi pa mitengo. Anzeru pakati pawo analipo, ndinkawaona akamalemba chimangirizo. Koma mipando yambiri ya ku Mtunthama inali itapita kwa ana a anthu a ndalama.