Nyumba ya Mbiri ya ku Karonga ndi Malo Akale Oizungulira

Mlendo wofika ku Blantyre amaonetsedwa nyumba zakale za njerwa, monga ya Mandala imene inamangidwa m'chaka cha 1882. Ku Karonga nyumba zotere nzosowa, pakuti Angonde ankamanga ndi nsungwi, dothi ndi udzu, zinthu zimene chiswe ndi mvula sizichedwa kuzitha. Chifukwa chake ena amayesa kuti dera ili lilibe choonetsa ana a sukulu. Maganizo amenewa ngolakwa. Mbiri ya Karonga inasungika m'nthaka, paphiri ndi m'manda, ndipo mphunzitsi wodziwa malo ake ali ndi chuma choposa cha m'buku.

Poyambira pabwino ndi nyumba yosungiramo zakale, Cultural and Museum Centre Karonga, imene inatsegulidwa m'chaka cha 2004. Pakati pake paima chifanizo cha mafupa a chilombo chachikulu cha khosi lalitali, chodya masamba, chimene chinakhala m'dziko muno zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Mafupa ake oyamba anatoledwa ndi Frank Dixey, katswiri wa miyala wa boma la Nyasaland, ndipo m'chaka cha 1993 akatswiri anachitcha Malawisaurus dixeyi. M'nyumba yomweyo akufotokozamo za chibwano chimene chinapezeka ku Uraha, kufupi ndi Chilumba, m'chaka cha 1991, pa ntchito yotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage. Chibwanocho ncha mtundu wa anthu akalekale wotchedwa Homo rudolfensis, ndipo chakhala m'nthaka zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Mwana akaona zimenezi amazindikira kuti mbiri ya kwawo siinayambe ndi kufika kwa Azungu.

Potuluka m'nyumbamo, ulendo uyenera kulunjika kumadzulo, kuphiri la Mbande, pafupi ndi mtsinje wa Rukuru. Kumeneko ndiko kunali likulu la Kyungu, mfumu yaikulu ya Angonde, amene ufumu wake unakhazikika cha m'ma 1600. Mafumu oyambawo sankaonekera wamba kwa anthu, ndipo mphamvu zao zinakula ndi malonda a minyanga. Ofukula zakale anapeza paphiripo mikanda yagalasi yochokera kutali, umboni wakuti Angonde ankasinthana katundu ndi a kunja Mzungu asanaponde m'chigwacho. Malowa ngolemekezeka, tsono gulu la ana lisakwereko popanda kuyamba lapempha kwa mafumu.

Dera la Mpata, loyandikana ndi phirilo, likumbutsa masiku owawa. M'chaka cha 1884 kampani ya Mandala inatsegula sitolo ku Karonga, yoyang'aniridwa ndi Monteith Fotheringham, kuti igule minyanga. Malondawo anakoka Mlozi, Mswahili wogula minyanga ndi akapolo, amene anamanga linga ku Mpata pamodzi ndi anzake Kopakopa ndi Msalemu. M'chaka cha 1887 ankhondo ake anathamangitsira Angonde m'mabango a thamanda la Kambwe ndi kuyatsa moto, ndipo anthu ambiri anafera pomwepo. Nkhondo inabuka pakati pa Mlozi ndi a Mandala, amene anathandizana ndi eni dziko. Frederick Lugard, amene pambuyo pake anadzakhala bwanamkubwa wa Nigeria, analasidwa m'chaka cha 1888 pothira nkhondo linga la Kopakopa. Mlozi anakhalabe wamphamvu kufikira December 1895, pamene Harry Johnston anadza ndi asilikali ndi mizinga, naphwanya lingalo, nampachika.

Malo otsiriza ndi manda a nkhondo a pa boma. Pa 9 September 1914 gulu la Ajeremani lochokera ku Tanganyika linaukira Karonga, koma linabwezedwa ndi asilikali a King's African Rifles. Angerezi ndi Ajeremani amene anafa ali ndi miyala yolembedwa maina ao. Komatu ochuluka mwa akufa a tsiku lija anali asilikali achikuda, omenya nkhondo ya eni ake. Mwazi umenewu ndiwo unachititsa John Chilembwe kulemba kalata yodandaula ku nyuzi ya Nyasaland Times, miyezi yowerengeka asanaukire boma mu January 1915. Motero manda a ku Karonga ndi tchalitchi cha ku Mbombwe, ku Chiradzulu, zili pa nkhani imodzi.

Pa ulendo wotere mphunzitsi ali ndi udindo wa mitundu iwiri. Woyamba ndi kuchenjera pa kalankhulidwe. M'kalasi limodzi mungakhale zidzukulu za Angonde, za Aswahili, ndi za Ahenga amene ena mwa makolo ao anagwirizana ndi Mlozi. Choonadi chinenedwe chonse, koma mwana asasenzetsedwe mlandu wa agogo ake. Wachiwiri ndi kusonkhanitsa zimene miyala siinalembe. Ana atumidwe kwa nkhalamba za m'midzi mwao kukafunsa, m'chinenero cha kwao, maina a midzi imene inathawa Mlozi ndi a makolo amene anasenza katundu pa nkhondo ya Ajeremani. Zimene abwera nazo zilembedwe m'kope la sukulu, pamodzi ndi tsiku ndi mudzi wa wonenayo, ndipo kopelo lisungidwe kuti kalasi la chaka chamawa lidzapitirize pamene anzao analekezera.