Mbiri ya kampata kololedwa poyesa nambala za pa kompyuta

Mukaiuza kompyuta kuti iphatikize 0.1 ndi 0.2, nthawi zambiri imayankha 0.30000000000000004. Sikuti makina awonongeka ayi. Kompyuta imasunga nambala ndi 0 ndi 1 basi, ndipo m'kalembedwe kameneka 0.1 ilibe mapeto, ngati mmene 1/3 imakhalira 0.333 mpaka kalekale. Iyenera kudulidwa penapake, ndipo kachidutswa kotayikako ndiko kamasowetsa mtendere olemba mapulogalamu akamayesa ngati ntchito yawo ikutulutsa mayankho oyenera.

Kale zinali zovuta kuposa pano, chifukwa makina a IBM ndi a DEC ankasunga ndi kudula nambala aliyense mwanjira yake. Donald Knuth, m'buku lachiwiri la The Art of Computer Programming lomwe linatuluka koyamba mu 1969, anafotokoza mmene tingaonere ngati nambala ziwiri zayandikana mokwanira m'malo mofuna kuti zifanane ndendende. Kenako William Kahan anathandiza Intel kupanga kachipangizo ka 8087 ka mu 1980, ntchito yomwe inabala muyezo wa IEEE 754 mu 1985. Muyezowu unagwirizanitsa kadulidwe ka nambala, koma kudulako kunatsala. Mpaka lero, mukaphatikiza nambala miliyoni imodzi kuyambira kumapeto m'malo moyambira koyamba, manambala otsiriza a yankho akhoza kusintha. Choncho mayeso ofuna kufanana kotheratu amagwetsa ndi pulogalamu yabwinobwino yomwe.

N'chifukwa chake NumPy, chida chowerengetsera cha chilankhulo cha Python, ili ndi allclose. Imatenga mindandanda iwiri ya nambala n'kumaziyerekeza ziwiriziwiri, ndipo imalola kusiyana kosaposa 0.00000001 kuphatikizapo gawo limodzi mwa magawo 100,000 a nambala yachiwiriyo.

Ena amati kampata kotere n'kubisa ulesi, ndipo mantha awo ali ndi maziko. Msika wa masheya wa ku Vancouver unayambitsa chiwerengero chake pa 1,000 mu 1982, ndipo nthawi iliyonse powerengera ankangodula manambala akumapeto. Pofika Novembala 1983 chinkasonyeza pafupifupi 525, pamene chinayenera kukhala pafupifupi 1,099. Tizidutswa tikamatayikira mbali imodzi timaunjikana. Komatu vuto ngati limeneli siligwidwa pofuna kufanana ndendende, poti mayeso olira tsiku ndi tsiku popanda chifukwa anthu amatopa nawo n'kuwazimitsa. Chimene chimaligwira ndi mpata wopimidwa bwino, wosankhidwa ndi munthu wodziwa kukula kwa nambala zake komanso kuchuluka kwa masitepe a kuwerengetserako.

Chimene chimasocheretsa ndi kulandira mpata wobwera kale ndi chidacho osaufunsa. Kwa allclose, 0.000000001 ndi 0.000000002 n'zofanana, ngakhale yachiwiri ikuposa yoyamba kawiri, chifukwa zonse zamira mu 0.00000001 uja. Komanso popeza muyeso umatengedwa pa nambala yachiwiri, kusinthanitsa mindandanda kungasinthe chigamulo. Pamene Christopher Barker ankalemba chikalata cha PEP 485 mu 2015, chimene chinabweretsa math.isclose mu Python 3.5, anapewa zonse ziwirizi: muyeso umatengedwa pa nambala yaikulu mwa ziwirizo, ndipo mpata wokhazikika, wonga 0.00000001 uja wa allclose, unaikidwa pa 0. Wofuna kuyerekeza yankho lake ndi 0 amayenera kulemba yekha kuti akulola kusiyana kochuluka bwanji, apo ayi mayeso ake amalephera.