Tisikuluu Tiwiri ndi Khutu la Makaniko

Pikapu ikaima pa siteji injini ikulira, chiwongolero n'kumanjenjemera ngati wodwala malungo, kenako injini zii, dalaiva amangoti idling yasokonekera. Makaniko wakale sankathamangira sipanala. Ankayamba watsegula boneti, n'kupendeketsa mutu, n'kumvetsera. Luso la khutu limeneli linabadwa limodzi ndi kabuleta, ndipo zikutha limodzi.

Mu 1893 Wilhelm Maybach wa ku Germany anapanga kabuleta yopemerera petulo kudzera pa kabowo kakang'ono, ndipo chaka chomwecho Donát Bánki ndi János Csonka a ku Hungary analembetsa yawo. Nzeru yake inali yakale: mpweya ukamadutsa pa khosi lopapatiza umathamanga, ndipo kuthamangako kumayamwa petulo. Khosilo limatchedwa ndi dzina la Giovanni Battista Venturi, amene analemba za zimenezi mu 1797.

Koma nzeruyi ili ndi chilema. Dalaiva akachotsa phazi pa moto, chitseko cha mpweya m'kabuleta chimatsekeka pafupifupi chonse, ndipo kampweya kodutsa pakhosi paja sikakwanitsa kukoka mafuta. Opanga anaboola kanjira kena kamseri kotulukira kunsi kwa chitsekocho, n'kuikapo tisikuluu tiwiri. Kamodzi kamatchinga chitseko kuti chisatsekeke chonse, ndiye kamalamulira liwiro la injini. Kachiwiri, kosongoka ngati singano, kamachepetsa kapena kuwonjezera mafuta a m'kanjira kaja.

Ntchito inali ndi ndondomeko yake. Injini itenthe kaye, choko itseguke yonse. Mapulagi, mapointi ndi taiming'i zikhale m'malo. Zikatero makaniko ankamanga kasingano kaja pang'onopang'ono mpaka injini iyambe kutsokomola, n'kukamasula mpaka kulira kusalale, kenako n'kubwera ku kasikuluu ka liwiro. Injini zambiri zinkakhazikika pakati pa maulendo 600 ndi 800 pa mphindi. Wopanda chipangizo chowerengera ankayika chikhatho pa injini n'kudziwa. Waphuma ankangokweza liwiro kuti kunjenjemera kubisike, mwini galimoto n'kuchoka akumwetulira. Mawa lake galimoto ikumwa mafuta ngati chidakwa, ndipo nthawi zina injini n'kumapitiriza kugunda kiyi atazula kale. Kawirikawiri vuto linali kwina: kapaipi ka labala kong'aluka, kapena gasiketi yolowetsa mpweya wakuba.

Chimene chinalanda makaniko tisikuluu take ndi utsi wa ku Los Angeles. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, Arie Haagen-Smit wa ku Caltech anaonetsa kuti chifunga choyabwa m'maso cha mumzindawo chinkapangika utsi wa magalimoto ukakumana ndi dzuwa. Mu 1970 dziko la America linakhwimitsa lamulo la Clean Air Act. Apa khutu linapezeka lolakwa, chifukwa injini imamveka bwino mafuta akachulukako pang'ono, pomwe ndi pamene imalavula mpweya wakupha wa carbon monoxide wochuluka. Opanga magalimoto anayamba kuveka kasingano kaja kachipewa ka pulasitiki kuti kasazungulire kwambiri. Amakaniko ankangokathyola. Pambuyo pake kasinganoko kanakwiriridwa ndi chitsekerero chachitsulo, ndipo wofuna kukafika ankachita kuboola.

Kuyambira mu 1975 magalimoto ambiri a kumeneko anayamba kutuluka ndi catalytic converter, chosefera utsi chimene chimagwira bwino kwambiri ngati mpweya ndi petulo zikusakanikirana pa mulingo wa 14.7 kwa 1 polemera. Khutu silingayeze zimenezo. Bosch inali itaika kale njira yopopera mafuta yoyendetsedwa ndi magetsi, D-Jetronic, pa Volkswagen mu 1967, koma mapikapu anachedwa. General Motors inasamutsira mapikapu ake ambiri a petulo ku njira yopopera mafuta mu 1987, chaka chomwe Ford inachita chimodzimodzi pa injini yake ya malita 4.9. Pikapu ya Isuzu ya 1994 ndi imene imatchulidwa ngati yomaliza kugulitsidwa ku America ili ndi kabuleta.

Mawu akuti base idle anatchuka pa nthawi imeneyi. Pa injini zatsopanozi kompyuta ndi imene imakweza ndi kutsitsa idling, pogwiritsa ntchito kavavu kolambalalitsa mpweya m'mbali mwa chitseko. Kasikuluu kotchinga chitseko kanatsalabe, koma ntchito yake inachepa: kusiya kampata koti injini izipuma kompyuta isanaikepo dzanja. Liwiro la pa kampata kameneka ndilo base idle. Pokakonza, makaniko amatenthetsa injini, n'kuzula waya wa kavavu kaja katatsekeka, n'kupotokola mpaka liwiro lifike pa nambala yolembedwa pa chomata cha pansi pa boneti. Wozolowera kabuleta ankagwa m'mbuna apa. Akakweza kasikuluu, kompyuta inkatseka kavavu kubweza liwiro pomwe linali, iye n'kukwezanso, mpaka kachipangizo kouza kompyuta pamene chitseko chili kayambe kunama. Pomwe mlandu wonse unali mwaye womata pakhosi, woti nsanza ndi mankhwala otsukira zikanathana nawo.

Kuno kummwera kwa Africa kabuleta inakhalitsa. Petulo wa mtovu, amene amapha chosefera utsi chija, anasiya kugulitsidwa m'maiko a kunsi kwa Sahara kumayambiriro kwa 2006. Mboni yaikulu ndi kapikapu kamene kanayamba kugulitsidwa ku South Africa mu 1971 ngati Datsun 1200, n'kusanduka 1400 mu 1980. Fakitale ya Nissan ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria, inakapanga mpaka 2008, kabuleta ili pomwepo, patatha zaka 14 America itatsanzikana nayo. Olankhula Afrikaans anakapatsa dzina loti kanniedood, kutanthauza chosafa. Tina tinawoloka malire n'kudzasenza matumba a chimanga ndi anthu a matola m'misewu ya fumbi ya ku Malawi ndi ku Zambia, kumene fumbilo limatseka kanjira kamseri kaja kawirikawiri, mnyamata wa pa galaja n'kuphunzira kumasula kabuleta, kuitsuka mu petulo ndi kuiuzira mpweya.

Magalimoto ambiri atsopano alibenso ngakhale chingwe cha moto. Phazi limangotumiza uthenga, kamota n'kutsegula chitseko, ndipo kasikuluu ka liwiro kulibe. Makaniko akatsuka khosi lija, injini imatha kulira mokwera kwa kanthawi chifukwa kompyuta inazolowera mwaye. Ndiye amalumikiza makina ake pa soketi ya pansi pa chiwongolero, n'kuiuza kuti iphunzirenso, iye manja ali m'thumba.