Mbendera ya Buluu: Chiphaso cha Ukhondo wa Magombe ndi Vuto la Nyanja ya Chivero

HARARE – Dziko la Zimbabwe silinachite malire ndi nyanja yamchere, koma likulu lake lili ndi gombe. Pa mtunda wa makilomita oposa 30 kumwera chakumadzulo kwa mzinda wa Harare pali nyanja ya Chivero, kumene kuli madoko a maboti, malo ochezera alendo ndiponso magombe amene asodzi amakocheza mabwato awo. Nyanja yomweyi ndi imene imapereka madzi ambiri otuluka m'mipopi ya ku Mbare, Highfield, Mufakose, Glen View ndi Budiriro. Ndi kumenenso kumathera zonyansa zochokera m'malokeshoni amenewa.

M'maiko ena ukhondo wa malo otere umayezedwa chaka ndi chaka, ndipo gombe kapena doko limene lakwaniritsa zofunika limapatsidwa chiphaso. Chiphaso chodziwika kwambiri ndi cha Blue Flag, kutanthauza Mbendera ya Buluu. Dziko la Zimbabwe silili m'ndondomekoyi, komabe miyezo yake imathandiza kumvetsa chimene chavuta pa Chivero.

Kodi Mbendera ya Buluu n'chiyani?

Ganizoli linayambira ku France m'chaka cha 1985, pamene makhonsolo a m'mphepete mwa nyanja anayamba kupatsidwa mbendera chifukwa chosamala madzi osambira ndiponso kuyeretsa madzi a m'masuweji. M'chaka cha 1987 ndondomekoyi inafalikira ku Ulaya, ndipo magombe 244 ndi madoko 208 a m'maiko 10 ndiwo analandira mbenderayi. Imayendetsedwa ndi bungwe loima palokha la Foundation for Environmental Education, mwachidule FEE, limene likulu lake lili ku Copenhagen m'dziko la Denmark. Pofika m'chaka cha 2024, malo oposa 5,000 m'maiko pafupifupi 50 anali ndi mbenderayi.

Dziko la South Africa ndilo linali loyamba kunja kwa Ulaya kulowa m'ndondomekoyi, m'chaka cha 2001, kudzera m'bungwe losamala zachilengedwe la WESSA. Magombe a Camps Bay ndi Clifton mumzinda wa Cape Town ndi ena mwa amene akhala akulandira mbenderayi kawirikawiri.

Palibe lamulo lokakamiza khonsolo kapena mwini doko kupempha chiphasochi. Wofuna amalemba yekha, kenaka komiti ya m'dziko lake imaunika pempholo n'kulitumiza ku komiti ya maiko onse. Mbendera imaperekedwa kwa nyengo imodzi yokha, ndipo chaka chotsatira mwini malo amayenera kupemphanso. Oyendera malo amatha kufika mosachenjeza. Madzi akaipa mkati mwa nyengoyo, mbendera imatsitsidwa ndipo anthu amauzidwa chifukwa chake. Chiphasochi si cha nyanja zamchere zokha: magombe a nyanja zamadzi abwino, monga za ku Canada ndi Germany, amachilandiranso.

Zimene amayeza

Zofunika pa gombe ndi zoposa 30, ndipo zili m'magulu anayi: ukhondo wa madzi, kasamalidwe ka malo, chitetezo cha anthu, ndi kuphunzitsa anthu za chilengedwe.

Pa ukhondo wa madzi, akatswiri amayang'ana mitundu iwiri ya tizilombo timene timakhala m'matumbo a anthu ndi nyama: E. coli ndi enterococci. Tizilomboti tikapezeka tambiri m'madzi, ndi umboni woti mwalowa chimbudzi, ndipo mungakhalenso tizilombo ta kolera ndi tayifodi. Pa nyanja zamchere, malire ndi tizilombo 250 ta E. coli ndi 100 ta enterococci m'mamililita 100 a madzi. Pa nyanja zamadzi abwino malirewo ndi 500 ndi 200. Madzi amatungidwa n'kuyezedwa mobwerezabwereza nyengo yonse yosambira, pasanadutse mwezi umodzi pakati pa miyezo iwiri, ndipo zotsatira zake zimamatidwa pa bolodi pagombe pomwepo kuti aliyense awerenge. Lamulo lina likuti madzi a m'masuweji kapena a m'mafakitale asamafike pa malo osambirawo.

Pa gombe payeneranso kukhala zimbudzi zosamalidwa bwino, motaya zinyalala, madzi akumwa, zipangizo za chithandizo choyamba, ndi opulumutsa anthu omira kapena zipangizo zopulumutsira. Pa doko la maboti amayang'ana ngati pali polandirira mafuta otha ntchito, penti ndi mabatire akale, popopera zonyansa za m'zimbudzi za m'maboti, ndi zipangizo zozimira moto. Madzi a padoko sayenera kuoneka ndi mafuta kapena zinyalala zoyandama.

Zina mwa zimenezi mwini gombe angathe kuzikonza yekha m'miyezi yochepa. Koma ukhondo wa madzi suli m'manja mwake, chifukwa umadalira zimene zikuchitika kumtunda kwa mitsinje yothira m'nyanjamo.

Zimene zinachitika ku Durban

Mzinda wa Durban ndi chitsanzo cha zimenezi. M'chaka cha 2008 magombe ake angapo analandidwa mbendera chifukwa tizilombo ta m'chimbudzi tinapitirira malire. Khonsolo ya eThekwini inatsutsa miyezoyo n'kutuluka m'ndondomekoyi, ngakhale inabwereranso patapita zaka zingapo. Mu Epulo 2022 madzi osefukira, amene anapha anthu oposa 400 m'chigawo cha KwaZulu-Natal, anaononganso mapaipi ndi malo oyeretsera madzi a suweji, ndipo magombe ambiri anatsekedwa mobwerezabwereza. Mchenga wa pagombe unali womwewo ndipo mahotela anali omwewo. Chimene chinasintha ndi masuweji a mumzinda.

Mzinda umene umamwa kumunsi kwa zonyansa zake

Nyanja ya Chivero ndi yochita kukumba. Inapangidwa m'chaka cha 1952 pamene anatseka mtsinje wa Manyame, umene panthawiyo unkalembedwa kuti Hunyani, ndipo inkatchedwa Lake McIlwaine kufikira pamene dzinali linasinthidwa dziko litalandira ufulu. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 26.

Vuto lake lagona pa malo amene ili. Mizinda yambiri imatunga madzi kumtunda n'kutaya zonyansa kumunsi, koma Harare ali kumtunda kwa nyanja imene amamwa. Mtsinje wa Mukuvisi umadutsa pafupi ndi Mbare, Highfield ndi Glen Norah, ndipo umalandira madzi ochokera pamalo oyeretsera suweji a Firle. Mtsinje wa Marimba umadutsa cha ku Kambuzuma ndi Mufakose, ndipo umalandira madzi a ku Crowborough. Mtsinje wa Nyatsime umabweretsa madzi a ku Chitungwiza. Yonseyi imathera mu Chivero, ndipo kuchokera m'menemo madzi amapopedwa kupita ku Morton Jaffray, kumene amathiridwa mankhwala n'kubwezedwa mumzinda. Akale anati madzi saiwala khwawa. Ku Harare khwawalo limayambira ku chimbudzi n'kukathera ku mpopi.

Malo a Firle anamangidwa kuti aziyeretsa malita 144 miliyoni patsiku ndipo a Crowborough malita 54 miliyoni. Koma kalembera wa m'chaka cha 2022 anapeza anthu oposa 2.4 miliyoni m'chigawo cha Harare, kuphatikizapo Chitungwiza ndi Epworth. Mapaipi ambiri a m'malokeshoni akale anaikidwa m'nthawi ya atsamunda, poganizira banja limodzi panyumba, pamene nyumba zomwezo zinadzayamba kusunga mabanja angapo. Mapaipi akaphulika, kapena magetsi akazima pa malo oyeretsera, zonyansa zimayenda m'ngalande n'kulowa mumtsinje zosayeretsedwa.

Zonyansazi zili ndi michere ya fosifolasi ndi nayitrojeni, imene imagwira ntchito m'madzi monga mmene feteleza amachitira m'munda. Namasupuni, udzu womwe uja umavutitsa pa mtsinje wa Shire ku Malawi, amaphimba madzi ndi kutsekereza maboti. Ndere zimachuluka, ndipo zikafa n'kuola zimamaliza mpweya m'madzi, nsomba n'kufa. Zimenezi zinachitika kwambiri m'chaka cha 1996. Mu Disembala 2024, bungwe loyang'anira nyama zakutchire la ZimParks linalengeza kuti zipembere zinayi zafa zitamwa madzi a m'nyanjayi okhala ndi ndere zapoizoni zimene akatswiri amazitcha cyanobacteria. Kunafanso mbidzi, nyumbu, nkhwazi, mbuzi, ng'ombe ndi nsomba zambiri, ndipo usodzi unaletsedwa panthawiyo.

Mmene zimakhudzira anthu a m'malokeshoni

Madzi akaipa kwambiri amafuna mankhwala ochuluka, ndipo ambiri mwa mankhwalawo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Mu Seputembala 2019 khonsolo ya Harare inatseka Morton Jaffray kwa kanthawi chifukwa mankhwala anatha. Mipopi ikauma, amayi ndi ana amakhala pa mizere ku mijigo kuyambira mbandakucha, kapena amatunga m'zitsime zosazama zokumbidwa pafupi ndi mapaipi a suweji odontha.

Kolera amalowera pamenepa. Mliri umene unayamba ku Chitungwiza mu Ogasiti 2008 unafalikira m'dziko lonse, ndipo pofika pakati pa chaka cha 2009 unali utagwira anthu oposa 98,000 ndi kupha oposa 4,200. Budiriro ndi limodzi mwa madera amene anavutika kwambiri. Mu Seputembala 2018 matendawa anabukanso ku Glen View ndi Budiriro, zonyansa za m'mapaipi ophulika zitalowa m'mijigo. Mu Novembala 2023 akuluakulu a mzinda analengeza kuti kolera wafika poopsa, ndipo ulendo uwu Kuwadzana ndiye anakhudzidwa kwambiri.

M'malokeshoni amenewa mumakhala mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'mafakitale, kunjanji ndi m'nyumba za azungu. Chichewa chimamvekabe ku Mufakose, Mbare, Rugare ndi Dzivarasekwa, ndipo ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zimene malamulo aakulu a dzikolo a m'chaka cha 2013 amazivomereza. Malamulo omwewo, m'ndime 73 ndi 77, amapereka kwa munthu aliyense ufulu wokhala pa malo osaononga thanzi lake ndiponso ufulu wa madzi abwino akumwa.

Ziphaso zimene zilipo ku Zimbabwe

Dziko la Zimbabwe lili ndi njira zakezake zoyezera ukhondo wa madzi. Lamulo losamala zachilengedwe la m'chaka cha 2002 linakhazikitsa bungwe la Environmental Management Agency, mwachidule EMA. Malinga ndi malamulo a m'chaka cha 2007, aliyense wotaya madzi oipa, kaya ndi fakitale kaya ndi khonsolo, ayenera kukhala ndi chilolezo, ndipo zilolezozo zili m'mitundu inayi. Cha buluu n'cha madzi osaopsa, chobiriwira n'cha oopsa pang'ono, chachikasu n'cha oopsa ndithu, ndipo chofiira n'cha oopsa kwambiri. Madzi akamaipiraipira, ndalama zolipira zimakweranso.

Kusiyana kwake ndi Mbendera ya Buluu kuli pawiri. Choyamba, chilolezo cha EMA chimayeza madzi potuluka m'paipi, pamene mbendera imayeza madzi pamene munthu akusambira. Chachiwiri, chilolezo ndi nkhani ya pakati pa bungwe ndi wotaya madziwo, pamene zotsatira za mbendera zimamatidwa poyera kuti msodzi, wogulitsa nsomba ndi kholo lobwera ndi ana adziwerengere okha.

Nyanja za Chivero ndi Manyame zilinso pa mndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, limene Zimbabwe inalowa m'chaka cha 2013 ndi malo asanu ndi awiri. Msonkhano waukulu wa panganoli unachitikira ku Victoria Falls mu Julayi 2025. Koma kukhala pa mndandandawu kumangosonyeza kuti malowo ndi ofunika kuwasamala. Si umboni woti madzi ake ndi aukhondo.

Kodi nyanjayi ingachire?

Mbiri yake ikusonyeza kuti n'zotheka. M'zaka za m'ma 1960 nyanjayi inaipa ndi ndere chifukwa cha madzi a suweji a mzinda wa Salisbury, monga mmene Harare ankatchulidwira. M'zaka za m'ma 1970 khonsolo inayamba kupatutsa madziwo kukathirira msipu wa ng'ombe m'mafamu ake, ndipo pambuyo pake inamanga makina ochotsa michere m'madzi asanalowe mumtsinje. Michere inachepa ndipo madzi anayamba kuyera, moti m'chaka cha 1982 akatswiri anatulutsa buku lofotokoza kuchira kwa nyanjayi. Koma anthu atachuluka popanda kukulitsa masuweji, vuto linabwerera, ndipo buku limene linatuluka m'chaka cha 1997 linkafotokoza za Chivero ngati nyanja yoipitsidwa.

Ntchito yofunika ikudziwika: kusintha mapaipi akale a m'malokeshoni, kukonza ndi kukulitsa malo a Firle, Crowborough ndi a Zengeza ku Chitungwiza, kuwapatsa magetsi odalirika, ndi kuleka kumanga nyumba m'madambo a mumzinda amene amasefa madzi asanafike kumtsinje. Kuchotsa namasupuni ndi kutola zinyalala pagombe kumathandiza kwa kanthawi, koma udzuwo umameranso malinga ngati chakudya chake chikubwerabe ndi mitsinje.

Nkhaniyi ikukhudzanso maiko oyandikana nawo. Magombe a nyanja ya Malawi ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay, a ku Metangula m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, ndi a ku Siavonga pa nyanja ya Kariba ku Zambia amakopa alendo, ndipo ndi pomwenso anthu amasamba, kuchapa ndi kutunga madzi. Mliri wa kolera wa ku Malawi wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700, unavutitsa kwambiri maboma a m'mphepete mwa nyanja. Khonsolo iliyonse ingathe kuyamba kuyeza madzi a pagombe mwezi ndi mwezi n'kumata zotsatira zake pa bolodi, m'chilankhulo chimene anthu a pamalopo amamva, ngakhale isanaganize zopempha mbendera.