Chizungulire chobwera mukatembenuza mutu: gwero lake ndi khutu kapena khosi?

Kuno ku Kasungu, munthu akangodandaula chizungulire timathamangira kunena kuti ndi malungo, BP, kapena "amulodza ameneyo". Ine ndati lero ndifotokoze mtundu wina wa chizungulire umene gwero lake lili m'kati mwa khutu. Nkhaniyi si yocheza ayi, chifukwa chikakupezani muli pamwamba pa chigafa mukupachika fodya, kapena mukuyendetsa kabaza pa M1, mutha kuvulala koopsa.

Chimachitika n'chiyani m'khutumo?

Khutu si lomvera lokha. M'kati mwenimweni muli timachubu titatu topindika, todzaza ndi madzi, timene timauza ubongo mmene mutu ukuyendera. Pafupi pake pali kathumba kosunga timiyala ting'onoting'ono ta kashiamu. Timiyalati tikasokonekera n'kugwera m'kachubu kamodzi, mukangosuntha mutu timakankha madzi aja, ndiye ubongo umalandira uthenga wabodza woti mukuzungulira. Madokotala amatcha vutoli BPPV.

Mungalizindikire chonchi: limabwera mukatembenuka pamphasa, mukagona chagada, mukawerama kapena mukayang'ana kumwamba. Nyumba yonse imaoneka ngati ikuzungulira, mwina ndi nseru yomwe, koma kawirikawiri sipatha mphindi imodzi. Limakonda anthu achikulire, makamaka amayi. Kwa ife achinyamata nthawi zambiri limatsatira kumenyetsa mutu, monga pangozi ya njinga yamoto kapena pampira.

Kuyeza ndi kuchiza

Njira yoyezera inafotokozedwa mu 1952 ndi Margaret Dix ndi Charles Hallpike ku London. Wachipatala amatembenuza mutu wanu madigiri 45, n'kukugonekani chagada mofulumira, mutu utalendewera pang'ono. Ngati ndi BPPV, chizungulire chimabwera ndipo maso amagwedera okha.

Chithandizo chake n'chosafuna jakisoni. Dokotala wa ku America, John Epley, anapeza njira yotembenuza mutu ndi thupi pang'onopang'ono, kuima masekondi pafupifupi 30 pamalo aliwonse, mpaka timiyala tija tibwerere kwawo. Ambiri amapeza bwino akachitidwa kamodzi kapena kangapo, ngakhale vutoli limatha kubwereranso. Mapiritsi amangochepetsa nseru basi, sasuntha timiyala.

Ndikudziwa mavidiyo ake ali mbwee pa TikTok ndi YouTube. Koma pempho langa n'lakuti musayesere agogo kunyumba musanadziwe khutu lomwe lili ndi vuto, makamaka ngati khosi kapena msana wawo umavuta kale.

Nanga khosi?

Minofu ndi mfundo za m'khosi nazonso zimauza ubongo pamene mutu uli. Khosi likavulala kapena likauma, ena amamva kupepuka m'mutu ndi kudzandira, osati kuzungulira kwenikweni. Izi zimayenda limodzi ndi kupweteka kwa khosi, ndipo zimatha kutenga mphindi zambiri kapena maola. Palibe kuyeza kumodzi kotsimikizira zimenezi, choncho achipatala amayamba aona kaye kuti si khutu kapena ubongo. Chithandizo chake chimakhala mafizo.

Musaiwale fodya wamuwisi

Ichi ndiye chathuchathu, kuyambira ku Santhe mpaka ku Chulu ndi Chamama. Mukamathyola fodya wonyowa ndi mame kapena mvula, chikonga chimalowa m'thupi kudzera pakhungu. Zotsatira zake ndi chizungulire, mutu, nseru ndi kusanza, ngakhale kwa munthu amene sanasutepo. Kusiyana kwake n'kwakuti sichidikira kuti mutembenuze mutu, ndipo nthawi zambiri chimatha pakadutsa tsiku limodzi kapena awiri. Valani magolovesi ndi zovala zosalowa madzi, vulani malaya onyowa, sambani ndi sopo. Ana ndiye asayandikire n'komwe, matupi awo sachedwa kugonja.

Malungo, kuchepa kwa magazi, kutha madzi m'thupi, shuga wotsika komanso mankhwala ena monga kwinini ndi gentamicin nazo zimabweretsa chizungulire. Ndiye kuyezetsa n'kofunika ndithu.

Izi zikaoneka, musadikire kuti kuche

Ngati chizungulire chabwera ndi kupindika pakamwa, kufooka dzanja kapena mwendo mbali imodzi, lilime kulemera, kuona zinthu ziwiriziwiri, mutu woopsa wadzidzidzi, kulephera kuyenda, kapena khutu kugontha mwadzidzidzi, thamangani naye kuchipatala pompopompo. Zambiri mwa izi zitha kukhala sitiroko.

Poyambira ndi chipatala chaching'ono cha kwanuko kapena chipatala cha boma cha Kasungu, ndipo zikafunika akatswiri amatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Mukafika musangoti "ndikumva chizungulire". Fotokozani chimene chimayambitsa, nthawi imene chimatenga, ngati munagwapo, ndiponso ngati mwakhala mukugwira fodya wamuwisi. Mpaka mutathandizidwa, pachigafa akwere wina, ndipo kiyi wa njinga mupatse mnzanu.