Denga la konkire

Mawu akuti "denga la konkire" amagwiritsidwa ntchito ku United States pofotokoza zopinga zimene amayi achikuda ndi ena osakhala azungu amakumana nazo pofuna kukwezedwa m'makampani akuluakulu. Anachokera ku mawu akuti "denga la galasi", amene Marilyn Loden anawatchula mu 1978 ponena za chotchinga chosaoneka choletsa amayi kufika pa utsogoleri; koma pamene galasi limaonetsa zakumwamba ndipo limasweka, konkire imabisa njira yonse, chifukwa tsankho la mtundu limaphatikana ndi kuderera akazi, ndipo amayiwo amasowa owalankhulira maudindo akamagawidwa. N'zomvetsa chisoni kuti makampani 500 aakulu kwambiri m'dzikomo anadikira mpaka 2009 kuti imodzi mwa iwo, Xerox, itsogoleredwe ndi mayi wachikuda, Ursula Burns.